Chimanga cha M'shedi

Amuna anga anandipeza ku Wolverhampton patapita chaka chifikireni ine. Ndinkagwira ntchito ya unamwino muwodi ya okalamba, ndipo ndinali nditapeza nyumba ya lendi mumsewu wa nyumba zogundana, za njerwa zofiira. Anabwera ndi mwana wathu wamkazi, yemwe panthawiyo anali asanayambe sukulu. Ku Lilongwe bambowa ankagwira ntchito muofesi, wotuluka m'nyumba ndi tayi m'khosi. Kuno analembetsa ku ejensi yopezera anthu maganyu, ndipo ankanyamula makatoni muweyahausi ina yosungiramo katundu ku Telford tsiku limene aimbiridwa foni. Masabata ena foniyo siinkalira. Ndikamachokera kuntchito ndinkawapeza ataima pakhomo la kukhitchini, manja m'thumba, akuyang'ana kuseri kwa nyumba.

Kuseriko kunali kamalo kakatali koma kopapatiza, ka udzu wosatchetcha, ndipo kumapeto kwake kunali shedi yamatabwa imene denga lake linali litayamba kufumbwa. Tsiku lina anandifunsa ngati alandilodi, eni nyumbayo, angalole nkhuku. Ndinaimba foni. Alandilodi anati bola pasakhale tambala, ndiponso makoswe asabwere.

Khola analimanga ndi mapaleti, matabwa osanjikapo katundu, otayidwa a kuntchito kwawo. Nkhukuzo anakazitenga pafamu ina ku Shropshire, kumene ankachotsa nkhuku zoikira zimene zatopa. Zinali zisanu ndi imodzi, zothothoka nthenga, makosi ali pamtunda. Atazitulutsa m'katoni zinangoima pa udzu, kukweza mwendo uwu, kukweza winawo, osadziwa n'kupalasa komwe.

"Izi ndi nkhuku, kapena mwakatenga odwala anga kuwodi?" ndinafunsa.

"Zipatseni mwezi, mayi," anatero.

Mwezi unakwanadi. Nthenga zinamera, zofiirira, ndipo nkhukuzo zinaphunzira kukumba ndi kusamba m'fumbi pansi pa mpanda. Mazira anayamba kubwera. Bambo ankadzuka msanga kukatsegula khola, kaya kuli ntchito kaya kulibe, ndipo anasiya kuima pakhomo paja. Ena mwa mazirawo ankawadutsitsa pamwamba pa mpanda kupatsa aneba athu, mayi wachizungu wokalamba, wamasiye, yemwe amuna ake anagwira ntchito mufakitale ya zitsulo moyo wawo wonse. Chingerezi cha mayiwa chinali cha konkuno, cholemera, moti miyezi yoyamba tinkangovomera zilizonse. Mazira ena tinkapita nawo kutchalitchi. Tinkapemphera mu holo ya lendi ku Birmingham, Amalawi a m'matauni onse ozungulira ndi anzathu ena a ku Zambia, ndipo nkhani inamveka msanga kuti ku Wolverhampton kuli munthu woweta nkhuku.

Chakudya cha nkhukuzo ankagula kusitolo ya ziweto, kathumba kakang'ono nthawi imodzi, poti tinalibe galimoto ndipo ankachita kunyamula pabasi. Zinayenda choncho chilimwe chonse cha kunoko.

Mu Okutobala, Loweruka lina, pakhomo pathu panaima vani yoyera. Anali mkulu wa mpingo wathu, bambo wachikulire wokhala ku Coventry, amene ntchito yake inali yoyendetsa katundu. Ndi iwo amene ankakatenga anthu ku eyapoti, kusamutsa mabanja, kupezera atsopano matilesi, osalandira kanthu. Anatsegula kumbuyo kwa vaniyo n'kutionetsa matumba akuluakulu a chimanga chachikasu.

"Achimwene, madalitso awa," anatero. "Kumene ndimatula katundu paleti yonse inavumbwa ndi mvula, ndiye amati ataye. Ine ndati ayi, kutaya chimanga? Ndili ndi m'bale wanga woweta."

Amuna anga anapisa dzanja m'thumba limodzi. Chimangacho chinali chozizira, chonyowa pang'ono, koma chooneka bwino. Anathokoza kwambiri, ndipo ine ndinaphika tiyi. Akuluwo ananena kuti matumba ena asiya kwawo.

M'mawa mwake bambo anayala pulasitiki pa udzu n'kukhuthulirapo thumba limodzi kuti liume. Dzuwa linalipo, koma linali la kuno, lowala lopanda moto. Pofika masana kunachita mitambo, kenaka kunayamba kamvula kaja kosamveka padenga, kongonyowetsa. Anawola msangamsanga. Anayesanso kangapo masiku otsatira, mpaka analeka. Matumba onse anawasanjikiza m'shedi, pansi penipeni pa simenti, n'kutseka chitseko.

Nkhuku zinachikonda chimangacho. Zinkachithamangira kuposa chakudya cha kusitolo chija, ndipo bambo anasiya kugula.

Patapita masabata angapo ndinalowa m'shedimo kukatenga tsache, ndipo ndinamva fungo. Linali fungo la nkhokwe yodontha. Pakamwa pa thumba lotsegula panali njere zina zomatana, zokutidwa ndi kaufa kobiriwira. Madzulo ndinawauza.

"Ndaona kale," anatero. "Ndi chuku chapamwamba chabe. Ndikumasankha."

Ankasankhadi. Ankathira chimangacho mu sefa yakale, kuchipukusa, kutaya zibuma, kenaka kupeta chotsalacho m'beseni. Fumbi lake linkawakwera kumaso. Anandikumbutsa kuti kwathu chimanga chowola ndiye cha nkhuku, chabwino n'cha anthu. Zinali zoona. Inenso ndinakula ndikuona zimenezo: pokonola, chofumbwa ndi chakuda chinkaponyedwa pabwalo, nkhuku n'kutola. Kungoti nkhuku za kwathu zinkatola pang'ono n'kupita kukasaka ziwala kutchire, pamene izi zinalibe kwina kopita, ndipo chimangacho chinali chakudya chawo m'mawa ndi madzulo. Maganizo amenewa sanandifikire nthawi imeneyo. Ndinali pa mashifiti ataliatali, ndipo nkhuku sizinali zanga.

Choyamba kusintha chinali mazira. Anachepa, ndipo ena ankatuluka ndi chikamba chofewa, chosweka ukangochigwira. Bambo anati ndi mdima, poti nyengo imeneyo kumada anthu asanaweruke. Wina kutchalitchi anavomereza kuti nkhuku za kuno zimapumula nthawi yozizira. Kenaka kanyama kofiira ka pamutu kaja kanayamba kuyezuka. Nkhuku zinasiya kuthamangira chakudya. Zinkaima pakona ya khola, nthenga zitafufuma, maso ali chitsinzinire, ndipo zitosi zake zinali zamadzimadzi. Imodzi inkapuma ndi kukamwa, kutambasula khosi ngati yatsamwa. Ukainyamula, inali yopepuka, fupa la pachifuwa lili lakuthwa m'dzanja.

Bambo anati mwina ndi chitopa. Anasinja adyo ndi tsabola n'kuthira m'madzi akumwa, monga ankachitira amayi awo. Sizinathandize. Yoyamba inafa chakumayambiriro kwa Disembala.

Zimenezi zinachitika m'nyengo ija pa TV pankangokambidwa za chimfine cha mbalame. Tsiku ndi tsiku ankaonetsa anthu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, akunyamula mbalame zakufa m'mayiko ena, ndipo ankati matendawo akhoza kufika kuno nthawi ina iliyonse. Amuna anga ankaonera nkhanizo madzulo aliwonse. Nditanena kuti tiimbire dokotala wa ziweto, anakana.

"Mukudziwa chimene chichitike? Abwera ndi magalimoto, atseka msewu wonse. Mawa lake tili m'nyuzipepala, anthu akuda abweretsa matenda. Viza yanu ikutha chaka chamawachi. Kuchipatala akuuzani kuti musabwere ku wodi."

"Nanga ngati ndi matendawo, mwanayu akusewera pomwepo?"

"Mwana asatuluke kuseri. Basi."

Mwanayo tinamuletsadi. Nkhuku yakufayo anaikwirira kuseri kwa shedi. Yachiwiri itafa, anaikwiriranso pomwepo. Sanauze munthu, ndipo kutchalitchi akafunsidwa za mazira ankati nkhuku zili patchuthi. Iwo eni anali atayamba kukhosomola, chifuwa chouma chosatulutsa kanthu. Sankanena, koma ndinkaona kuti akuganiza kuti matendawo awalowa.

Amene anaulula nkhaniyi ndi nkhandwe. M'matauni a kuno nkhandwe zimayenda m'mipanda ngati amphaka. Ina inafukula dzenje lija, n'kukokera nkhukuyo kudzera pansi pa mpanda, n'kukaisiya theka pa kapinga wa aneba. M'mawa ndikukonzekera kuperekeza mwana, ndinamva kugogoda. Anali mayi aja, atavala jasi pamwamba pa zovala zogonera. Anati apeza nthenga ndi mapiko pakhomo pawo, ndipo akuganiza kuti nkhandwe yatilowera m'khola.

Amuna anga akanatha kuvomera kuti ndi momwemo. Koma ali kumbuyo kwanga anawauza zoona: kuti inafa yokha, kuti ndi yachiwiri, kuti zotsalazo zikudwala. Mayiwo anapempha kuti akaone. Tinapita nawo kukhola ndipo tinapeza yachitatu itagona chammbali, itauma kale. Sanadzidzimuke. Anafunsa kuti dokotala wa ziweto wanena chiyani. Titati sitinapiteko, anatiyang'ana, n'kunena kuti akukatenga makiyi a galimoto.

Anayamba aimba foni kuchipatala cha ziweto. Anauzidwa kuti tisalowe nazo m'chipinda chodikirira, tikadikire panja poimika magalimoto. Tinaika yakufayo m'pulasitiki, yodwalitsitsa m'katoni. Ndinalibe shifiti tsikulo, choncho titasiya mwana kusukulu ya mkaka ndinapita nawo. Titafika, panatuluka mtsikana wolandira alendo, ndipo anafunsa pawindo la galimoto kuti wodwalayo dzina lake ndani. Amuna anga anatchula dzina lawo. Iye anati ayi, la nkhukuyo.

"Ilibe dzina," anatero bambo. "Ndi nkhuku."

Aneba anaseka mpaka kutsokomola. Ife sitinaseke.

Dokotalayo anali mayi wachitsikana, ndipo anatuluka atavala magolovesi ndi chophimba kukamwa. Anafunsa mafunso ambiri: zinayamba liti, zikufa pamodzi kapena imodziimodzi, mitu ikutupa kapena ayi, pafupi pali dziwe la abakha am'tchire kapena ayi. Anati chimfine chija chikalowa m'khola sichitenga masabata, chimasesa. Kenaka anafunsa chimene zikudya. Bambo anafotokoza za chimanga, kuti chinavumbwa, koma akumasankha bwinobwino. Dokotalayo anawapempha kuti abwerere akatape pang'ono, osati chapamwamba chosankhacho, koma cha pakati pa thumba.

Anabwerera ndi aneba aja. Ine ndinatsala, ndipo dokotalayo atamva kuti ndine namwino anandilola kuimirira pambali pamene ankatumbula yakufayo m'kachipinda ka kuseri. Nkhuku ndatumbulapo zambiri pa moyo wanga, koma chiwindi chotere ndinali ndisanachione. Chinali chotupa, chachikasu ngati dothi la pachulu, ndipo chinkanyenyeka akachigwira. M'mapapo munali timadontho toyera tolimba, tonga njere za mapira. Anandilozera ndi chala.

Chimanga chitafika m'chitini, anangochitsegula n'kuchitsekanso. Anati atumiza zina kukapimitsa kuti atsimikize, koma iye sakukayika. Anafotokoza kuti chuku chimavulaza pawiri. Chikamamera pa chimanga chimasiyamo poizoni amene amawononga chiwindi pang'onopang'ono, ndipo poizoniyo sachoka ndi kusefa, kutsuka, kuyanika ngakhale kuphika. Njere ikhoza kuoneka yoyera koma ali momwemo. Kwinaku fumbi lake likapumidwa limakamera m'mapapo. Mankhwala ochotsa poizoniyo panalibe. Chimene tikanachita n'kutaya chimanga chonse, kuchotsa udzu wogonera, kutsuka khola, kugula chakudya chatsopano ndi kudikira kuti zolimba zilimbe. Mazira anati tiyambe tasiya kudya. Yam'katoni ija anati yafika patali, ndipo anaibaya jakisoni kuti igone.

Atamva bambo akukhosomola, anafunsa ngati amavala chophimba posefa. Anati akaonane ndi dokotala wa anthu.

M'galimoto pobwerera amuna anga anakhala kutsogolo, chitini chili pamiyendo. Tili pa maloboti anatembenuka n'kunena m'Chichewa, "Ndiye kuti sabwera a zoyera aja." Ndinati sabwera.

Shedi tinaikonza Loweruka lotsatira, titagula zophimba kukamwa kusitolo ya zomangira. Matumba apamwamba tinawanyamula bwinobwino. Apansi anali atamatirira ku simenti. Lomaliza titalikoka linang'ambika, ndipo m'kati mwake munali chibuma chimodzi cholimba, chakuda ndi chobiriwira, cholukana ndi ulusi woyera. Chinali chofunda. Kunja kunkazizira moti zala zinkachita dzanzi, koma chibumacho chinkatuluka nthunzi. Pamwamba pake penipeni, denga linali ndi mng'alu umene unkadontha nyengo yonseyo. Aneba anatipititsa kotayira zinyalala maulendo angapo, mawindo a galimoto ali otsegula.

Panatsala nkhani ya matumba ena aja a ku Coventry. Bambo anazengereza. Munthu wakupatsa mphatso, wayenda ulendo ndi mafuta ake, ukamuuze kuti mphatsoyo yapha ziweto? Ankati mwina akuluwo anataya kale. Koma Lamulungu lake, polengeza za chisangalalo cha Khirisimasi, mlembi wa mpingo anati amayi a kunyumba kwa akuluwo alonjeza thobwa, ndipo anthu anaomba m'manja, ena kuimba nthungululu. Ine ndi bambo tinayang'anana.

Tinapita mkati mwa sabata, pa sitima. Anatilandira bwino. Mayiwo ananditengera kukhitchini kukandionetsa ntchito yawo: anali atasankha chimangacho njere imodziimodzi, kuchitsuka, kuchiumitsa pa hita yotenthetsera m'nyumba, ndipo ankachigaya pang'onopang'ono ndi kamakina kogayira zokometsera ndiwo. Ufa unali utafika theka la ndowa. China anali atachinyika kuti chimere. Ankasangalala ngati mwana.

Pabalaza amuna anga anayambira kutali, za nyengo, za ntchito, kenaka anafika pa nkhuku. Ananena zimene dokotala ananena, osawonjezera. Akuluwo anamvetsera atatsamira mpando.

"Ndiye mwabwera kudzandiuza kuti ndakupherani nkhuku."

"Ayi, bambo. Inu munatithandiza. Kungoti chimangacho..."

"Chimangacho mwachisunga inu m'shedi yodontha. Changa chili m'nyumba."

"N'zoona. Koma chinavumbwa chisanafike kwa inu ndi kwa ine. Ndipo akuti ngakhale chooneka bwino."

"Akuti. Azungu amataya buledi chifukwa cha deti la papaketi. Ife tinakula tikudya chimanga chotani chaka cha njala? Tinafa?"

Ndinalankhulapo. Ndinati pa thobwalo padzakhala ana, ndi amayi oyembekezera awiri amene tonse tinkawadziwa. Ndinafotokoza chiwindi chimene ndinaona. Mayi a m'nyumbamo anali ataima pakhomo la kukhitchini, ndipo anafunsa ngati kuwiritsa sikungaphe poizoniyo. Ndinati sikungaphe. Anabwerera kukhitchini. Akuluwo anayatsa TV, ndipo patapita kanthawi tinatsanzika. Sanatiperekeze ku siteshoni, chinthu chimene sichinali khalidwe lawo.

Pa chisangalalo cha Khirisimasi panali zakumwa za m'mabotolo. Wina atafunsa za thobwa, mayi aja anati silinapse bwino. Akuluwo ankatipatsa moni wa dzanja kutchalitchi, koma osafunsa za kunyumba, ndipo zinakhala choncho mpaka nyengo yozizira inatha.

Zotsatira za kopimitsa zinabwera Januwale ali mkati, ndipo zinangotsimikiza zimene tinauzidwa. Chifuwa cha bambo anachijambula, sanapezemo choopsa, ndipo kukhosomolako kunatha kokha atasiya kusefa. Nkhuku zinatsala ziwiri. Zinatenga nthawi kuti zinenepe. Imodzi inayambiranso kuikira masiku atayamba kutalika. Inayo siinaikirenso dzira mpaka kalekale, inkangodya ndi kuyenda pambuyo pa inzake. Ndinanenapo kuti tiiphe tidye, koma bambo anati nyama ya nkhuku imene yadwala chiwindi saifuna, ndipo mwana, yemwe anali atamva, analira m'Chingerezi mpaka nkhaniyo inatha.

Chakumapeto kwa Malichi vani yoyera ija inaimanso pakhomo. Akuluwo anatsitsa mgolo wachitsulo wokhala ndi chivindikiro chothina, ndi njerwa zingapo zoti ukhalepo kuti usagunde pansi. Anati anaupeza ukutayidwa kwinakwake, ngakhale unali ndi kapepala ka kusitolo kosamatula. Bambo anathokoza. Anaunyamula awiri kukauika m'shedi, ndipo akuluwo ataona denga anabwerera kuvani kukatenga hamala ndi chidutswa cha lata. Anakhala pamwambapo mpaka masana, wina kugwira, wina kukhoma, akukamba za mpira ndi za mtengo wa matikiti opitira kumudzi. Za chimanga sanatchule.

Kuyambira pamenepo bambo ankagula chakudya chochepa, chongokwana masabata ochepa, ndipo asanathire m'chodyera ankayamba anunkhiza. Chotsala m'chodyeramo chikanyowa ndi mvula ankachitaya. Sanawonjezere nkhuku zina, ngakhale a pafamu paja ankachotsabe zotopa chaka ndi chaka.

Chaka chotsatira anapeza ntchito yokhazikika muofesi ya kampani ina yonyamula katundu ku Birmingham, ndipo ine ndinapempha kusamukira chipatala cha komweko. Nyumba imene tinapeza inali ndi kabwalo ka simenti kokwana chingwe choyanikira zovala basi. Nkhuku ziwirizo tinapatsa aneba, pamodzi ndi mgolo. Iwo anali atagula kale kakhola kokongola ka kusitolo, kopaka penti wobiriwira, choncho la mapaleti lija tinalisiya pomwepo. Sindikudziwa kuti amene analowa m'nyumbamo pambuyo pathu anachita nalo chiyani.